Zitsekerero za Abiliyo

Ku Ulongwe m'mawa wa Junyu
chisanu chimaluma ngati linthumbu,
ndipo ine ndimamangirira Abiliyo pakaliyala
ndi kapulana ya mayi ake,
chifukwa iye sagwira munthu m'chiuno.
Manja ake ali ndi ntchito ina:
kutseka makutu njinga zamoto zikamadutsa.

Zaka zisanu.
Liwu ndi limodzi lomwe ayi.
Anzake ku esikolinya ali ndi malilime awiri,
la kunyumba ndi la Chipwitikizi,
amakuwa "bondiya" mpaka malata kunjenjemera.
Wanga ali ndi zitsekerero za mabotolo
makumi atatu ndi zinayi m'kathumba ka shuga.
Chimodzi chikasowa, tsiku lonse lasowa.

Kumsika kumene ndimamata machubu
ndamva zonse.
Akuti ndinamukhwimira kuti makasitomala achuluke.
Ndimayang'ana denga langa lodontha,
nsapato yanga yoseka kutsogolo,
nkumadzifunsa: nanga chumacho chinalowera kuti?
Apongozi anatchula sing'anga wa ku Domwe.
Tinasiyako nkhuku ndi mametikali mazana atatu,
nkubwerako ndi mwana yemweyo,
mphini ziwiri pachipumi, ndi mantha a lumo.

Sabata yoyamba titiya Erimelinda anandiitanitsa.
Belu la pasukulupo ndi limu ya galimoto
yopachika pamtengo wa pichesi;
akaimenya, Abiliyo ankalowa pansi pa tebulo
nkumadziluma dzanja.
Ndinapita chipewa m'manja, nditawamva kale mumtima:
mutengeni, kuno sitingathe.
Koma anandikhazika pakampando ka ana,
mawondo kufika m'chibwano,
nati, "Bambo, ndiphunzitseni mwana wanu.
Ndili nawo makumi anayi, uyu sindinamuwerengebe."

Palibe anali atandipemphapo zimenezo.
Ndinapereka zochepa zimene ndili nazo:
sadya ngati ndiwo zakhudzana m'mbale,
safuna dzanja la munthu pamutu,
akamazungulira ngati nguli si misala,
ndiko kupuma kwake.

M'mawa mwake ndinang'amba chubu chakale
nkukulunga chitsulo chomenyera belu.
Tsopano limalira ngati ng'ombe ya kutsidya.
Titiya amayamba akweza kansalu kachikasu
kuti iye alione phokoso lisanafike.

Kunyumba Felizarida anadula katoni ya sopo
najambula ndi khala:
kapu, mkeka, chimbudzi, njinga.
Kapuyo imaoneka ngati chipewa changa
koma mwiniwake anaimva.
Timakadi tina totero tili m'chikwama cha titiya
kuti ludzu la kusukulu ndi la kwathu
likhale ndi dzina limodzi.

Ndisaname, masiku ena timagonja.
Lachitatu anaswa zenera la oyandikana nawo,
ndinakweza mawu, iye nkuyamba kugunditsa mutu pachitseko.
Usiku Felizarida analira choyang'ana kukhoma,
ine nkumanamizira tulo.

Koma dzulo popita kukamutenga
ndinapeza mzere wa zitsekerero pakhonde,
wowongoka ngati sipoko yatsopano,
ndipo kumapeto kwake kamtsikana ka mamina, Zinya,
kakuikapo chake chofiira.
Ndinagwira mpweya.
Kwathu ukakhudza mzere umenewo wautsa nkhondo.
Abiliyo anachiyang'ana nthawi yaitali,
anachitembenuza kuti mano aloze kumwamba ngati zinzake,
nachisiya pomwepo.

Titiya anandiyang'ana, sitinanene kanthu.
Tonse taphunzira kwa iye
kuti pali nkhani zimene pakamwa pamaononga.

Pobwerera sindinapalase. Ndinakankha njinga
kudutsa matumba a kachewere
odikira malole a ku Nyungwe,
iye pakaliyala, zala zili m'kathumba,
akupapasa chimodzichimodzi.
Makumi atatu ndi zisanu.
Ndinadikira kulira mpaka pageti la kwathu.
Sikunabwere.